Tsiku Limene Munadula Phiri Chopingasa

Lero zakwana zaka zitatu, bambo a mwana, chitisiyireni. Tinasanthula nyumba yonse kufuna chithunzi choti tiike pamwambapa, choti muli nokha kapena muli ndi ine, koma chimene mukuseka ndi mtima wonse ndi chomwechi: mwakhala pa njinga yanu yamoto ya matayala anayi ija, helemeti ili m'khwapa. Mwaona? Ngakhale pano yandilanda malo.

Pakhomo pano aliyense ankaitcha mkazi mnzanga. Anayambitsa ndi alongo anu, ataona kuti Loweruka lililonse munkaipukuta ndi kansalu kofewa ine ndikukolopa khonde ndekha. Inu munkangoseka, n'kumati ubwino wake iyo sinyanyala. M'mawa uliwonse inkakutengani kukayendera mipanda ndi ng'ombe za pafamu kuseri kwa phiri, ine n'kutsala pazenera la kukhitchini, kumvetsera kulira kwake mpaka kuzimiririka. Ndinakupemphani kangati kuti mundikweze kumbuyo, ndikaoneko kumene dzuwa linkakupezani lisanafike kwa ine? Munkakana. Munkati mpando wake ndi wa munthu mmodzi, ukanyamula mnzako pachitunda kulemera konse kumathawira kumbuyo, njinga n'kuimirira ngati mbuzi yofuna masamba.

Malangizo anu amayi anu amawanenabe pamtima, ngakhale sanakwerepo ndi njinga yakapalasa yomwe. Pokwera, chifuwa chiyandikire mahandulo. Potsika, khalira kumbuyo, giya ikhale yaing'ono, usaponde buleki modzidzimutsa. Kukagwa mvula, yamba waliyenda wapansi phirilo. Ndipo lalikulu pa onse, lija munkalinena mutakweza chala: phiri umalikwera molunjika, umalitsika molunjika, sulidula chopingasa, chifukwa matayala a kumtunda amanyamuka.

N'chifukwa chake sindinagone nawo mtendere mawu amene achimwene anu anabwera nawo atakaona malo a ngoziyo. Anati matayala anu anasiya mzere wopingasa pakati penipeni pa chitunda chachikulu. Inu, kudula phiri? Anatinso pambali pake panadutsa njinga ina. Anzanu a kuntchito ankangoyang'ana pansi ndikawafunsa, n'kumati ngozi ilibe mwini. Pamaliro panu panali mayi wina wachilendo, dzanja lili m'bandeji, ataima kumapeto kwa anthu, akulira kuposa mmene mlendo amalirira. Tsiku ngati lalero likafika, tinkapeza maluwa pamanda panu ife tisanafike.

Ndiulule, poti inu simungandikalipirenso. Mayi ameneyo ndinamumangira nyumba m'mutu mwanga. Ndinamupatsa mawu okoma, mafuta onunkhira, ndi malo kuseri kwa phiri kumene munkakumana. Chithunzi chanu cha pabalaza ndinachitembenuzira kukhoma mwezi wathunthu, mwana wathu atafunsa ndinamunamiza kuti ndikuchiteteza ku fumbi.

Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo mayi uja anabwera yekha, masana, ine ndikuyanika zovala. Ndi dotolo wa ziweto. Nthawi imene ija anali atangoyamba ntchito pafamupo, ndipo inu ndi amene munkamuphunzitsa kukwera. Njinga yake inazima pakati pa chitunda, niyamba kubwerera chambuyo kulunjika kuphompho, iye manja atauma ndi mantha. Inu munali cham'mbali. Munadula phiri kuti mukaike njinga yanu kumbuyo kwa yake, mukumukuwira kuti adumphire mbali ya kumtunda. Anadumpha. Njinga yakeyo inawomba yanu, yanu n'kukugudubuzikirani. Zaka zonsezi ankangosiya maluwa pamanda, poopa kundiyang'ana m'maso, ndipo anzanu anakhala chete pomumvera chisoni.

Amayi anu anamukumbatira. Ine ndinamupatsa madzi akumwa. Simunandinyenge, ndavomera, ndipo chithunzi chija ndachipepesa. Koma musaganize kuti nsanje yatha, yangosamukira chipinda china. Ine m'mawa umene uja munanditsanzika pondifunsa kumene ndinaika magolovesi anu, osatembenuka n'komwe. Mawu anu omaliza anawamva ndi iye. Ine munandikaniza mpando zaka zinayi chifukwa cha lamulo, koma lamulo lalikulu kuposa limenelo munaliphwanya chifukwa cha munthu amene munamudziwa masiku atatu. Ndikudziwa kuti mukanachitira wina aliyense. Kudziwako sikuziziritsa mtima.

Dotoloyo atandifunsa chimene angandichitire, ndinamupempha chinthu chimodzi: andibwezere mawu anu. Ndiye Loweruka lililonse amandiphunzitsa kukwera, poyamba pabwalo losalala kuseri kwa khola, kenaka pa timitunda tating'ono. Amanena malangizo anu mwandondomeko yanu yomwe ija, ndi chala chomwe amakweza. Nthawi zina ndimalakwitsa dala kuti abwerezenso. Alongo anu akuti mitala yathu yakula, tsopano tilipo atatu.

Dzulo chitunda chachikulu chija ndinachiyenda wapansi, monga munkalangizira. Dothi ndi louma, miyala iwiri yogwedera ndaichotsa. Mawa ndikwera, ndekha pampando, helemeti yangayanga kumutu, chifuwa pafupi ndi mahandulo, molunjika mpaka pamwamba. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga chimene chinkakuchotsani pakhomo m'mawa uliwonse mukuimba mluzu. Ndipo njinga ikakazima pakati, bambo a mwana, khalani phee kumene muliko, musadulenso phiri. Mbali yodumphira ndikuidziwa.

Akukulirani amayi anu, achimwene ndi alongo anu, mwana wathu wamkazi amene watenga kaseka kanu, mayi wa maluwa uja, ndi ine mkazi wanu woyamba, amene sindinaleke kukuchitirani nsanje.

Phiri lidzaiwala mzere wa matayala anu, koma ife sitidzakuiwalani.