Kapanikeke Koyesera Chiwaya

Toledo, Ohio
Lachinayi, 19 Malichi 1987

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu inafika Loweruka pamodzi ndi juzi ya Tessie. Zikomo kwambiri. Mwafunsa ngati yamukwana. Ndi yaikulu, Amayi, koma si inu mwalakwitsa muyezo. Mwana ndiye wachepa.

Pa telefoni ndakhala ndikukuuzani kuti tonse tili bwino. Ndinkanama. Kumapeto kwa Januwale, Marlene ali kuntchito, ndinamuphikira Tessie soseji, ndipo chifukwa cha changu sindinaidule m'litali monga amachitira amayi ake. Chidutswa china chinamukhala pakhosi. Milomo inada ine ndikuona. Ndinamuzondotsa, n'kumumenya pamsana mpaka chinatuluka, koma kuyambira tsiku limenelo mwana anakana chilichonse chotafuna. Mkaka ankamwa, madzi a zipatso ankamwa, basi. Marlene sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndiye zimandiwawa kwambiri.

A dokotala anati pakhosi palibe vuto, ndi mantha chabe. Koma mwana wa zaka zinayi anatsika kuchoka pa mapaundi 34 kufika pa 30. Lolemba pa 9 anatiuza kuti sikelo ikapanda kukwera pofika lero, amugoneka m'chipatala n'kumulowetsa kapaipi ka chakudya m'mphuno.

Ine ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinkakhala moyang'anana naye, supuni m'manja, kumuwerengera, kumunyengerera, kumulonjeza chidole. Tsiku lina ndinamenya tebulo mpaka mbale inagwa pansi. Zimenezi sindinamuuze ngakhale Marlene.

Lolembalo titatuluka kwa dokotala, Marlene anakwera basi kupita kuntchito. Ine ntchito ya kufakitale ndimalowa masana, ndiye ndinatsala ndi mwana, ndipo kunyumba kunandiopsa. Ndinangozindikira ndaimika galimoto kwa a Manolis, pa msewu wa Lagrange, kumene Abambo ankadya Loweruka lililonse. Palibe chasintha, Amayi. Kabelu ka pachitseko ndi komwe kaja, mawindo kuchita nthunzi, fungo la khofi ndi nyama ya nkhumba yokazinga kukulandira usanavule n'chipewa chomwe. A Bernadine akuperekerabe zakudya, pensulo ili m'tsitsi, ndipo akuti ndikupatseni moni.

Matebulo onse anali odzaza, choncho tinakhala pakauntala, pa timipando tozungulira tija, Tessie kudzanja langa lamanja. Kumanzere kunali a Virgil, aja ankayendetsa basi nambala 19, akuwerenga nyuzipepala. Ndinaitanitsa khofi wanga, ndi phala la mwana. Phala litabwera ndinatembenuza kampando kuti ndiyang'anane naye, n'kuyamba zanga zija: supuni imodzi yokha, ya Adadi, tsegula pakamwa. Mwana anatseka milomo, misozi n'kuyamba kulengeza.

A Bernadine anaima patsogolo panga ndi jagi ya khofi. Anandifunsa chimene chikuchitika, ndipo ndinawauza motsitsa mawu, mwachidule. Sanadandaule, sanandipepese. Anangochotsa phalalo.

"Lenny, wabwera kudzadya kapena kudzalondera? Nanga iwe munthu atakuyang'ana chonchi, ungameze?"

Ndinati ndilibe njala. Anati sanandifunse zimenezo, ndipo anaitanitsa kwa a Manolis mbale imene Abambo ankadya. Kenako anagwira phewa langa n'kunditembenuza pamodzi ndi kampando, monga mmene mumanditembenuzira pondimeta.

"Pakauntala pano aliyense amayang'ana kuchiwaya. Ukatembenuza khosi limenelo, khofi uyu ndikuthira pamiyendo."

Ndiye ndinayang'ana kuchiwaya. Amayi, ndadya pamalo amenewa kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanaonetsetse mmene a Manolis amagwirira ntchito. Ali ndi zaka pafupifupi 70, koma amaswa mazira awiri ndi dzanja limodzi, lina likutembenuza mbatatesi. Salemba chilichonse. A Bernadine amangotchula, iwo osayankha, koma mbale iliyonse imatuluka monga mwini wake anafunira: uyu mazira aawisi pakati, uyu opsa mbali zonse, uyu buledi wopanda batala. Ine pamakina ndimagwira chinthu chimodzi maola asanu ndi atatu, ndipo ndimalakwitsabe.

Mbale yanga inafika: mazira awiri, mbatatesi zofiirira m'mbali mwake zikuchita kukhukhutika, zidutswa zitatu za nyama, buledi wowotcha atamwa batala. Nditaika foloko pakamwa ndi pamene ndinazindikira kuti papita masabata ndisanadye chakudya chotentha nditakhala pansi. Ndinadya mochititsa manyazi. A Virgil anati ndichepetse liwiro, mbaleyo a Manolis akuifunabe.

Tsono a Manolis ali ndi kachitidwe kawo. Akasakaniza ufa watsopano wa mapanikeke, sathira nthawi yomweyo. Amayamba adontheza kamodzi kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kuti aone ngati chiwaya chatentha mokwanira. Kameneko sagulitsa, amangokakankhira kumbali n'kukataya. Tsikulo anakanyamula ndi chotembenuzira chawo, n'kukaika pa kambale ka kapu, n'kukakankhira patsogolo pa Tessie. Sanamuyang'ane n'komwe.

"Bwana wamng'ono, ndisungireni aka. Si kakudya ayi, ndi koyesera. Mungoona ngati kapsa mkati."

Atatero anamupatsa msana n'kupitiriza ntchito. A Bernadine anasiya botolo la manyuchi pafupi, ngati aliiwala, n'kuyamba kukangana ndi a Virgil za mpira. A Virgil anati timu yawo chaka chino itenga chikho. A Bernadine anati mawu amenewo anayamba kuwamva a Virgil akadali ndi tsitsi.

Khosi sindinatembenuze, koma patsogolo panga panali kabokosi kachitsulo ka mapepala opukutira m'manja, kowala ngati galasi. M'menemo ndinamuona Tessie. Anakagwira ndi chala. Anakang'amba pakati n'kusuzumira mkati. Anathira manyuchi ambiri mpaka kambale kanasefukira. Ananyambita chala. Anakhala nthawi yaitali, kachidutswa kali m'manja, akuyang'ana msana wa a Manolis. Kenako anakaika pakamwa. Ndinaona tsaya likuyenda, ndinaona pakhosi pakutsika.

Ndinatsala pang'ono kudzuka. A Virgil anandiponda phazi ndi nsapato yawo yonse, maso ali panyuzipepala, n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti kugwanso chipale mwezi uno. Ndinayankha kuti mwina. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Patapita kanthawi a Manolis anafunsa, osacheuka, ngati kanapsa. Tessie anati kanapsa, koma kachepa. Iwo anati ndiye kuti chiwaya sichinatenthe bwino, ayesanso. Tsiku limenelo anayesa chiwaya kanayi, pomwe ndikudziwa kuti amayesa kamodzi.

Potuluka ndinafuna kuwathokoza. Anandikupiza ndi chotembenuzira ngati ntchentche, nati ndikuwatsekera njira. A Bernadine anandiperekeza mpaka pachitseko n'kundiuza kuti ndisamuyamikire mwana, ndisamufunse, ndisakanene nkhaniyi kunyumba iye akumva. Ndibwere mawa nthawi yomweyo, ndidzadye zanga.

Tapita m'mawa uliwonse, kupatula Lamlungu pamene amatseka. Sizinayende bwino masiku onse. Lachitatu sanakhudze kanthu, ndipo ine ndinakakhala m'galimoto mphindi khumi ndisanalize injini. Lachisanu anadya timapanikeke tisanu ndi kadzira pang'ono kochokera m'mbale ya a Virgil, amene ananamizira kuti sanaone. Nyama sakuifunabe. Kunyumba Marlene wakankhira tebulo kukhoma la zenera kuti tizikhala mondondozana ngati pakauntala, tonse kuyang'ana panja. Aneba akatiwona ayenera kuti amadabwa. Dzulo madzulo anadya theka la nthochi, ine ndikuyang'anitsitsa galimoto ya aneba ngati ndikufuna kuigula.

Lero m'mawa tinapita ku sikelo. Mapaundi 30 ndi theka. Theka lokha, Amayi. A dokotala anamuyeza kawiri, kenako anati za kapaipi tidikire kaye, tibwerenso pakatha masabata awiri. Sanati zatha. Ndinawafunsa kuti theka limenelo si la chakudya cha m'mawa chimene chinali m'mimba? Anati ngakhale zitatero, mwezi wathawu m'mimbamo munalibe choyeza.

Tsopano pempho langa. Marlene akuti mukubwera pa Pasaka, ndipo ndikudziwa kuti mubwera ndi soseji ya kwa Azakhali Wanda ndi makeke anu, monga chaka chilichonse. Bwerani nazo, ife tidya. Koma mukamuona Tessie mudzidzimuka, chifukwa manja ake aonda. Chonde musalire pamaso pake. Musamuikire chakudya m'mbale, musamuuze kuti adye kuti akule, musamutsatire ndi supuni monga munkachitira ndi ine. Ndikudziwa kuti kwa inu zimenezi n'zovuta kuposa ulendo wa pa basi wa masiku awiri. Kwa ine ndi ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndagwirapo. Loweruka lake ndidzakutengani kwa a Manolis kuti mukaone nokha mmene amachitira anthu odziwa.

Mundikhululukire chifukwa chokubisirani. Ndinkaopa kuti mundifunsa amene anadula soseji ija.

Moni kwa Azakhali Wanda, ndipo muwauze zimene mungakonde kuwauza. Marlene akupereka moni. Tessie ali pano pambali panga, akujambula chiwaya choti ndiike mu envulopu. Pafupi ndi dzanja lake pali bisiketi imene ndaisiya ngati ndaiiwala. Ndikumva kaphokoso, koma ndikulemba kalata, sindicheuka.

Ndine mwana wanu,
Lenny