Bulangete la Hidaya

Malindi,
Mangochi.
19 Malichi, 2025.

Okondedwa achimwene a Yunus,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kusala kukuyenda bwino ku Durban kumeneko. Ndalemba pamanja ngakhale sukulu yanga inathera sitandade folo, chifukwa foni ya pakhomo pano imakhala ndi Shakila, mwana wa mlongo wathu Hidaya, ndipo zina zili munozi sindikufuna azimve. Kalatayi ndapatsira Swadick wonyamula katundu uja.

Bulangete lamagetsi munatumizira Hidaya lija linafika mu Januwale. Anthu anadzaza khonde kudzaliona. Shakila ankawerenga pafoni mokweza kuti limeneli ndi sawuna, limatenthetsa ndi kuwala kosaoneka kolowa mpaka mumnofu, munthu amatuluka thukuta, mawondo amamasuka, khungu limasalala, tulo timabwera. Amayi ena anati, "A Yunus ndiye mlongo weniweni." Ine ndinali pomwepo, ine amene ndimamukweza Hidaya pa kabaza mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Palibe anandiyang'ana. Sindikudandaula, ndangonena.

Zoona ndinene, poyamba linamuthandiza. Mawondo aja ankamulepheretsa kugwada poswali anayamba kupindika. Mikwingwirima ya m'miyendo inachepa. Ankandiseka amvekere, "Achimwene, mwakwinyika ngati usipa wouma, lowanimoni musalale, mwina n'kupeza mkazi wachiwiri." Koma ine chilionereni mtima wanga sunakhale pansi. Mukudziwa ntchito yanga pamzikiti. Zaka makumi atatu ndakhala ndikusambitsa maliro a amuna ndi kudula sanda, nsalu yoyera yokulungira omwalira. Tsono ndilowe m'nyumba, ndipeze mlongo wanga wagona chagada pamkeka, manja m'mbali, atamukulunga kuyambira kumapazi mpaka m'khosi. Shakila akukoka zipi monga momwe ine ndimamangira zingwe. Ndinangotuluka panja.

Ndiulule chimodzi. Tsiku lina onse atapita kuukwati, ndinalowamo ndekha chifukwa cha msana wangawu. Msana unamva bwino ndithu. Koma kutentha kutayamba kukwera, manja osatha kuwatulutsa, ndinaganiza za m'manda ndi mafunso amene tidzafunsidwe kumeneko. Zipi inakana kutseguka. Ndinakuwa, nkhalamba yathunthu, nyumba yopanda munthu. Nditalimbana nayo nthawi yaitali inatseguka, ndinatuluka. Mpaka lero palibe akudziwa.

Vuto linabwera ndi mwezi uno wa Ramadhani. Kuno masiku ano magetsi akumayaka masana, madzulo n'kuzima. Ndiye Hidaya anayamba kumalowa m'bulangetemo dzuwa lili pamutu, ali pa kusala, pakhosi posadutsa ngakhale dontho. Pepala linabwera nalo lija akuti limanena kuti munthu azimwa madzi ambiri, koma ndi lachizungu, ndipo Shakila anawerenga zokoma zokhazokha. Ndinamuuza Hidaya kuti azidikira mpaka afutulu, amasule kusala dzuwa litalowa. Anati, "Pofutulu si magetsi amakhala atapita? Inu mwadana nalo chifukwa latumizidwa ndi a Yunus." Mwina theka la mawuwo linali loona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mapiritsi ake anali atawasiya milungu iwiri. Ankati matenda onse akutuluka ndi thukuta.

Lachinayi lapitali nditachokera kuswala ya masana ndinamva Shakila akukuwa, "Amalume! Amalume! Amayi sakuyankha!" Ndinamupeza m'menemo, maso atatembenuzika, milomo itauma ngati chikopa. Achimwene, chimene chikundisowetsa mtendere si kukomokako ayi. Ndi ine. Ndisanagwire n'komwe zipi, maso anga anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mutu wanga unawerenga wokha kuti nsalu ifunika yaitali bwanji. Mlongo wanga akupuma, ine ndikudula kale sanda. Allah andikhululukire.

Tinathamanga naye pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditamugwira. Kuchipatala anamuika mabotolo awiri a madzi a diripi, anatsitsimuka. A dokotala ake, mayi wina dzina lake a Edith, anandifunsa zonse. Ine ndinkafuna anene kuti bulangetelo ndi loipa. Sanatero. Anati kwa anthu ena limathandiza kumasula thupi, koma silichiza shuga, ndipo munthu wodwala ngati Hidaya sayenera kulowamo popanda kufunsa kuchipatala, makamaka asanamwe madzi. Anati abwerere pa mapiritsi, ndipo kusala aleke kaye. A shehe nawonso anabwera kudzamuuza kuti wodwala analoledwa kudya. Hidaya anangotembenukira kukhoma. Anati sanaphonyepo Ramadhani chikhalire, ndipo mawondo ake akufuna bulangete lake.

Tsopano mumva kwa Shakila kuti makoswe anadya chingwe cha bulangete. Si makoswe. Ndine. Ndinadula ndi lumo langa lomwe lija la sanda, katatu, kuti asalumikize. Hidaya wadziwa, poti khoswe sadula mowongoka chonchija. Sandilankhula. Chakudya changa akumatumiza osanena kanthu, ndipo ndamva kuti wauza Shakila akuimbireni kuti mutumize chingwe china. Dzulo anasalanso. Mapiritsi ali pawindo, ndimawawerenga m'mawa uliwonse, sakuchepa.

Ine sandimvera. Ndine wa pafupi, wa manja onunkha maliro. Inu amakumverani, chifukwa muli kutali ndipo zanu zimabwera m'makatoni. Choncho ndikupempheni, ine amene sindinakupempheni kanthu chichokereni inu. Chingwe musatumize. Muimbireni, mumuuze ndi pakamwa panu kuti amwe mankhwala ndipo adye. Mukamuuza kuti akachira a dokotala n'kuvomera adzalowamonso, ine sinditsutsa, chingwecho ndidzakagula ndekha. Koma koposa zonse bwerani. Idi yatsala pang'ono, basi imayenda masiku awiri okha.

Mayi atamwalira munatumiza nsalu yabwino kwambiri, anthu anaitama. Ndinaidula ine. M'manda ndinatsikamo ndi ana a eni ake, chifukwa mwana wawo winayo kunalibe. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala nazo kukhosi, lero ndazitula, ndipo sindidzazitchulanso ngati mubwera.

Moni kwa alamu ndi ana onse, ngakhale nkhope zawo ndimazionera pafoni. Shakila akupereka moni. Hidaya sanapereke, chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba. Panopa wagona pakhonde, ndipo ndikumasiya cholembera kawirikawiri kukaona ngati chitenje chikukwera ndi kutsika pachifuwa pake.

Lumo lija ndaliponya m'nyanja. Pamzikiti ndanama kuti linasowa. Bwerani, achimwene, ndisanagule lina.

Ndine mkulu wanu,
Sumani.