Mafuta a ku Joni ndi khosi la Tadala

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Kuno ku Chezi tonse tili bwino, ndipo mawondo a amayi asiya kuvuta.

Mukukumbukira tili ana, amayi ankatigawira mafuta odzola ndi kamtengo ka machesi? Sanasinthe. Mafuta munatumizira mwana wanu Tadala aja, olembedwa kuti amateteza ku dzuwa, anawatsekera m'sutikesi. Loweruka tikupita kokakumba mtedza m'munda wa mpingo, anangomudonthezera kadontho kamodzi m'manja. "A ku Joni awa, si phala," anatero. Ine ndinakayika.

Pobwerera, khosi la Tadala linali psuu. Mukudziwa kuti khungu lachialubino silichedwa kupsa. Mwiniwake ankangoseka, akuti wasanduka phwetekere, koma ine mtima sunali m'malo.

Lolemba kuchipatala anamwino anati mafutawo ndi abwino kwa munthu wokhala pamthunzi, koma kwa woswera kumunda sakwanira. Anatipatsa ena amphamvu, oti azipaka ambiri ndi kubwereza akatuluka thukuta, komanso anati azivala chipewa ndi malaya a manja aatali. Khosi lapola popanda chilonda. Tsopano amayi ndiwo akumuthamangitsa ndi botolo pabwalo ponse: "Iwe Tada, bwera kuno ndikumate!"

Chonde mutumize chipewa chachikulu chophimba khosi, koma chokongola, chifukwa chachikalekale mtsikanayu sangavale. Mulungu akusungeni. Ndikupinda mapepalawa, pakuti a Phiri amene akubweretsereni kalatayi ayima kale pakhomo ndi chikwama chawo.

Ndine mng'ono wanu,
Eneless