Ndinawapeza Mayi Aang'ono ku Nyanja ya Mchere

Amayi,

Kodi kumene mwagonako kukuzizira ngati kuno ku Bangwe? Ife chiperoni chatitsekera m'nyumba sabata yonse. Zovala pachingwe sizikuuma, phiri silikuoneka n'komwe. Ndine Felesita wanu. Ndakhala ndikuzengereza kukulemberani chifukwa nkhani imene ndasenza ndi yolemera.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, anachira bwinobwino, mwana wamkazi wa zala zazitali ngati zanu. Chimanga cha kumunda wakuphiri uja mvula inakokolola, tinangopezako chootcha. Denga la chipinda chanu likudonthabe pakona pomwe paja. Geni ya kaunjika ku Limbe ikuyenda mokwawa, kupatula majuzi amene anthu akulimbirana chifukwa cha kuziziraku.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Mukukumbukira tsiku lija kuchipatala, mutandigwira dzanja, mawu akutuluka movutikira? Munati, "Ukapite kwathu kuchilumba, ukamupeze Zena mng'ono wanga. Ukamuuze kuti sindinamutaye dala." Ndinkadziwa kale kuti munachoka ku Chilumba cha Mozambiki muli mtsikana, kutsatira bambo ku Milanje, ndipo nkhondo itatseka misewu munathawira kuno. Chimene sindinakufunseni n'chakuti, nkhondo itatha, bwanji simunabwerere. Ndinkaopa kukuliritsani.

Ndinapita, Amayi, mwezi wa Julaye. Anthu anandiuza kuti nyengo yozizira ndiyo yabwino, misewu imakhala youma ndipo kunyanja sikutentha. Ndinadzera pa Muloza, kusintha magalimoto mpaka msana kuuma, kenako ndinaoloka mlatho wautali wopapatiza uja wopita kuchilumba, madzi uku, madzi uku. Ndinatsika n'kutunga madziwo m'manja kuti ndilawe. Mcheredi, monga munkanenera pamene ife tinkakusekani kuti mukukokomeza.

Kuzizira kwa kwanu n'kwamasewera. Ine ndinavala juzi tsiku loyamba lokha. Kumangowomba mphepo yakumwera, ndipo ndi nthawi imene alendo amachuluka, azungu ndi anthu a m'mizinda, zipewa kumutu, makamera m'khosi. M'mawa amakaona linga lakale la miyala lokhala ndi mizinga ya dzimbiri. Masana amazungulira pa njinga m'timisewu ta nyumba zakale zosuwa penti, amalowa m'nyumba yofiira ya bwanamkubwa wa Apwitikizi kukaona mabedi ndi mbale zake. Ena amakwera mabwato a matanga kukaona anamgumi, poti nyengo imeneyi ndi imene amabwera ndi ana awo. Ine ndinkayenda pakati pawo, chithunzi chanu chili m'chikwama, ndikufunsa dzina la Zena m'Chilomwe changa chothyokathyoka, poti ndicho chofananako ndi chilankhulo cha kwanu. Anthu ankamwetulira n'kupukusa mitu.

Amene anandithandiza ndi a Momade, bambo wachikulire woyendetsa bwato. Kale ankayenda pa malole obwera ku Blantyre, ndiye Chinyanja amachimva. Nditawatchulira dzina la agogo, mayi anu, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Tiyeni." Tinatsikira kumunsi kwa tauni, kumene nyumba zake n'zofolera ndi masamba a kokonati, zothithikana kuposa za ku Ndirande.

Amayi, tamvani. Pakhonde panali inu. Mphuno yanu, kamangidwe kanu ka duku kopendekera kumanzere, ngakhale katsokomoledwe. Anali a Zena, atakhala pamkeka, akutunga mikanda yakale imene amatola mumchenga madzi akaphwa, yogulitsa kwa alendo. Atandiona anakweza mkanda umodzi n'kundiuza mtengo. Anandiyesa kasitomala.

A Momade anafotokoza kuti ndine mwana wa mkulu wawo. Ndinagwada, ndinapereka chithunzi chanu chija cha pa ubatizo wa Yohane. Anachigwira m'mphepete, osaphethira. Kenako anafunsa kuti munamwalira liti. Nditayankha kuti chaka chatha, anabwereza funsolo, poganiza kuti womasulira walakwitsa. Ndinayankha chimodzimodzi. Pamenepo nkhope yawo inauma ngati thabwa.

Analankhula nthawi yaitali, osakweza mawu. A Momade ankandipatsira pang'onopang'ono, maso ali pansi. Akuti m'nthawi ya nkhondo munthu wina anabwera ndi uthenga woti galimoto imene munakwera inaotchedwa. Anakulirani, anakuchitirani sadaka yonse. Koma agogo anakana kukhulupirira. Basi iliyonse ikamaoloka mlatho, iwo ankakaima kumapeto kwake, mpaka maso anachita khungu, mpaka anamwalira. Anawasamalira ndi a Zena okha, anawatsuka ndi a Zena okha. Ukwati unawadutsa ali pa ntchito imeneyo.

"Ndiye ukuti anali moyo zaka zonsezi?" anatero. "Ankadya, ankabereka, ankajambulitsa zithunzi? Wabwera kudzandiphera mkulu wanga kachiwiri?"

Ndinanena uthenga wanu, Amayi. Ndinaunena monga munandipatsira, kuti simunawataye dala. Anandibwezera chithunzi n'kuti, "Mkulu wanga ndinamulira kalekale. Uyu sindikumudziwa." Analowa m'nyumba n'kutsitsa nsalu ya pakhomo. Mikanda anaisiya pamkeka pomwepo.

Ndinapitakonso mawa lake, ndi mkuja wakenso. Nsalu inali yotsitsa. Oyandikana nawo ankangoti apita kokatola nkhono. Ndinasiya shuga ndi chitenje chanu chobiriwira chija pakhonde. Madzulo ndinazipeza kumene ndinkagona, zitabwezedwa, chitenje chopindidwa bwinobwino.

Paja munkakonda kunena, tikamadandaula kuti bambo achedwa kubwera, kuti, "Kwathu madzi amapita m'mawa, madzulo n'kubwera okha. Osamawathamangitsa." Ndinawaona madziwo, Amayi. Amapitadi kutali mpaka mabwato kugona cham'mbali pamchenga, ndipo amabweradi. Koma inu simunabwere. Ndinaima pamapeto pa mlatho paja, pamene agogo ankaima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakukwiyirani. Mundikhululukire. Kodi anali manyazi oti munasiya chipembedzo cha kwanu, n'kulowa tchalitchi n'kusintha dzina? Kodi munkaopa kukapeza manda okhaokha? Kapena chaka chilichonse munkati chaka chamawa, monga mmene ine ndikunenera za denga?

Tsiku lotsiriza a Momade anandimvera chisoni. Anati muli malo m'bwato lawo, ndisapite kwathu osaona chilichonse. Ndinakhala pakati pa alendo ovala majekete ofiira oyandamitsa. Tili pakati pa nyanja, chinthu chakuda chachikulu kuposa minibasi chinatumphuka, chinapuma ngati matayala akuphwa, ndipo kamwana kake kanatulukira pambali, kakukhudzana ndi mayi wake. Anthu anakuwa, anaomba m'manja, mayi wina wachizungu anandikumbatira chifukwa cha chimwemwe. Anaona misozi yanga n'kuganiza kuti nanenso ndasangalala. Ine ndinkangoganiza kuti munakulira pafupi ndi zodabwitsa zoterezi, n'kukathera masiku anu m'kachipinda kodontha, mukuyang'ana khoma la neba.

Kunyumba sindinanene zoona. Yohane ndi akumpingo atandifunsa, ndinati ndinawapeza, ali bwino, apereka moni. Ana anga ndinawaonetsa zithunzi za linga ndi za namgumi pa foni. Tsopano aliyense akuti ndinakasangalala kunyanja. Palibe amene ndingamuuze, n'chifukwa chake ndikuuza inu, mwini wake wa katunduyu. Masiku ena ndimakhala pamsika osaitanira n'komwe makasitomala, mpaka anzanga kundigwedeza. Ndinkaganiza kuti ndikakwaniritsa mawu anu mtima ukhala pansi. M'malo mwake ndapita kukasokosa nkhalamba imene inali itapola bala.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse. M'mawa wonyamuka, galimoto ikudikira kudzaza, ndinawaona a Zena ataima patali, pansi pa mtengo waukulu pafupi ndi msika. Sanabwere pafupi, sanakweze dzanja. Ndinafuna kutsika, koma anthu anali atandipanikiza kale ndi madengu a nsomba. Tikukwera mlatho ndinacheuka, anali chiimire. Mwina ankadikira wina, mwina anabwera kudzatsimikiza kuti ndapitadi. Sindikudziwa.

Pano ndapeza mayi wina wa ku Nampula, chigawo cha kwanu, amene amagulitsa makala kumunsi kwa msika wathu. Loweruka lililonse ndimakhala naye, akundiphunzitsa chilankhulo chanu chimene simunatiphunzitse. Lilime langa ndi louma, amandiseka, koma ndayamba kumva. Chaka chamawa mphepo yozizira ikayamba ndidzaolokanso mlatho uja. Ndidzakhala pakhonde paja popanda womasulira, ndipo ngakhale atatsitsa nsalu, ndidzalankhula kuseri kwake mpaka mawu anu atha. A Zena akalamba, Amayi, ndipo chifuwa chawo sichinandisangalatse. Ngati kumene muliko muli ndi mphamvu yopempha kanthu, pemphani kuti ndidzawapeze.

Ndimakukondanibe, ngakhale ndili wokwiya.

Mwana wanu,
Felesita