Nkhungu ya Juni ndi Mlandu wa Stefano

Mphunzi, Dedza

Okondedwa achimwene a Jerome,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe ndi kuzizira kwa chaka chino. Mbatatesi zachita bwino, kabichi ndiye wadyedwa ndi mbozi.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikangotchula Stefano mumati netiweki yavuta. Kalatayi muiwerenge mpaka kumapeto.

Lamlungu masana, ife ogulitsa pa Chimbiya timasonkhana m'tiyirumu ya a Zikhalo kuonera sewero la pa TV. Ndi la mayi wina, loya, amene amafukula milandu ya anthu omangidwa osalakwa. Likatha sewerolo pamabuka mtsutso woti tiyi amachita kuzizira m'makapu.

A Benedicto, akatekisiti athu, amati sewerolo likuphunzitsa ana kunyoza makhoti, pomwe oweruza ndi anthu ophunzira. A Magadalena a tomato amalikonda, koma amadandaula kuti loyayo amayankhula ndi akuluakulu manja ali m'chiuno. Madalaivala a minibasi amangoseka, ati loya wothamangira munthu wosauka amapezeka pa TV pokha. Ine ndimakhala duu. Onse amadziwa kuti mng'ono wanu Stefano ali kundende pa mlandu wa ng'ombe za a Kenan, ndipo ndikayankhula amati ndikuikira kumbuyo mlongo wanga.

Lamlungu lapitali anaonetsa mboni imene inalumbira kuti inazindikira wakuba m'mamawa kuli nkhungu. Loya uja anaipanikiza ndi mafunso mpaka inavomera kuti nkhope sinaione. Litatha sewero, a Benedicto anaumirira kuti zimenezo n'zopeka, munthu wa m'mudzi mwako umamudziwa ndi kayendedwe, kaya kukhale nkhungu yotani.

A Levison analipo, omwe aja anapereka umboni wotsutsana ndi Stefano kukhoti. Mtsutso utawakomera, anamenya tebulo nati, "Abambo, musatinamize. Nkhungu ya Juni ikatsika kuno, ngakhale mkazi wako sungamuzindikire ataima pakhomo pa khola."

Anthu anaseka, kenaka kuseka kuja kunazima. Aliyense anakumbukira kuti ng'ombe za a Kenan zinabedwa mu Juni, m'mamawa, ndipo a Levison anauza khoti kuti anaona Stefano akuzitulutsa m'khola.

Ndinaimirira, achimwene. Ndinawafunsa kuti, "Nanga Stefano munamuzindikira bwanji?"

Anasiya tiyi wawo n'kutuluka, chipewa chomwe anachiiwala pabenchi.

Lachiwiri a Levison anabwera kwa amayi, ali ndi akazi awo a Jenifa ndi a Benedicto. Anakhala pansi, mpando anaukana. Anati tsiku lija anangoona munthu wa jekete yofiira akukusa ng'ombe kulowera kumalire a Mozambiki, ndipo anauza a Kenan kuti jeketeyo ikufanana ndi ya Stefano. Pomafika kupolisi nkhani inali itasanduka yoti anamuona Stefano, ndipo iwo anaopa kubweza mawu pamaso pa anthu. Kukhoti anangobwereza zomwezo.

Amayi anamvetsera uku akutonola chimanga. A Levison atayamba kupepesa, amayi anawadula. Anati iwo sindiwo amangidwa, choncho mawu amenewo akawanene komwe anakanena oyamba aja.

A Levison avomera. A Benedicto nawo anati anayankhula mopupuluma pa Chimbiya paja, ndipo adzipereka kuti aziwaperekeza kulikonse, kuti asabwerere panjira.

Dzulo tinapita tonse ku Boma, kuofesi ya maloya othandiza anthu osauka. Mayi amene tinawapeza anatiuza mosabisa kuti kumeneko si pa TV, nkhani siitha tsiku limodzi. Anati a Levison alembetse umboni wawo molumbira, kenaka apilo ipite kukhoti lalikulu, ndipo sanatilonjeze kanthu. Koma anafunsa mafunso ambiri, ndipo anatiuza tsiku lobwereranso. Ine mtima wanga uli m'malo. Stefano atuluka, kaya zichedwe bwanji.

Tsopano ndifike kwa inu. Tsiku la chigamulo munanena kuti Stefano wanyazitsa banja, ndipo kuyambira pamenepo simunapondeko kundende. Sindikukuimbani mlandu, poti ngakhale ena a kutchalitchi anakhulupirira zomwezo. Koma dziwani kuti ndikapita kukamuona, asanafunse za amayi, amayamba wafunsa ngati achimwene ali bwino. Ndimamuuza kuti muli bwino, ndiye amangogwedeza mutu.

Sukulu zikatsekera bwerani. Musadikire kuti khoti liyambe lamuyeretsa. Tsiku lotuluka adzamukumbatira aliyense, ngakhale amene ankamunena. Ine ndikufuna mukamuone panopa, akadali m'zovala za akaidi, mumuuze ndi pakamwa panu kuti ndi mng'ono wanu. Tidzapita limodzi, chakudya chake ndidzaphika ine, inu mudzangonyamula.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rute, kwa Sandra ndi Mark. Amayi akuti muwabweretsere ana aja adzawaone. Ambuye akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mlongo wanu,
Clotilda