Matayala a Kagalimoto Kanga

Jindabyne, 9 Juni

Msuweni wanga Desley,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Darwin kotenthako. Kuno chipale chofewa chafulumira chaka chino, ndipo msewu wa ku Cooma ukumaterera m'mawa.

Amuna anga a Lindsay ukuwadziwa makani awo. Zaka makumi atatu akhala akuyendera matayala a nyengo zonse. Chipalecho chikagwa, ankagwada pamsewu n'kumanga matcheni pamatayala kuti galimoto isaterereke. Ndikatchula matayala apadera a nyengo yozizira, ankati, "Iwe Noelene, amenewo ndi a alendo odzasewera kuphiri."

Lachiwiri tikuchokera kwa dokotala, a Lindsay anagwadanso ndi matcheni aja, koma zala zinakana. Ndinamanga ndine, iwo atangoima.

Dzulo ananditengera kogulitsa matayala. Mwini sitolo anati, "Achimwene, a nyengo yozizirawa amagwira msewu ngakhale madzi ataundana. Mukamawachotsa kukayamba kutentha, akutumikirani zaka zinayi."

A Lindsay anaseka pang'ono. "Zinayi? Chabwino. Koma muike pa kagalimoto ka mayiwa. Galimoto yanga ija isiyeni."

Titafika kunyumba anandionetsa posungira matayala enawo, n'kulemba pakhoma mwezi wosinthira. Zilembo zake zikuluzikulu, Desley, ngati akulembera munthu amene sadzakhala ndi womufunsa.

Tsopano kwa dokotala tikumapita kawiri pa mlungu. Zimene anatiuza za matenda a Lindsay sindilemba m'kalata. Ngati ukuganiza zobwera, usadikire kuti chipalechi chisungunuke. Ndidzakuchingamira ndekha, matayala ndili nawo.

Ine msuweni wako,
Noelene