Bambo Anga ndi Foni Yaulemu

Lolemba, 3 Marichi

Bambo ayankhula! Chabwino, yayankhula ndi foni, koma ine ndavina pakhonde mpaka silipasi kuduka. Chidwalireni sitiroko, pakamwa pawo panali zii. Lero achimwene awaikira pafoni pulogalamu yocheza ngati munthu. Bambo akadina liwu limodzi ndi chala chakumanzere, iyo imamaliza chiganizo chonse n'kuwerenga mokweza. Adina "tiyi". Yati, "Mwana wanga, ndingakondwe mutandipatsako tiyi." Ndapanga makapu atatu.

Lachitatu, 5 Marichi

Nzeru za foniyi ndiye ayi ndithu. Achimwene akuti inawerenga zolemba za anthu miyandamiyanda, ndiye imalosera mawu amene munthu anganene. Ndayifunsa za mankhwala a bambo, yafotokoza bwino kuposa kapepala ka m'bokosi. Kuntchito ndauza aliyense, ndi mlonda yemwe. Masaya akuwawa ndi kumwetulira.

Loweruka, 8 Marichi

Amayi sizikuwakoma. Akuti, "Bambo akowa anayamba athokozapo tiyi?" Ndaseka mpaka misozi. Zoonadi! Munthu woti tiyi aliyense kwa iwo ndi madzi otsukira mbale.

Kenako kuseka kwandithera. Ngati foni ikunena zimene wina aliyense anganene, nanga bambo anga ali kuti? Akadalimo m'thupi lija, kapena tikungocheza ndi foni? Ndikuopa.

Lachinayi, 13 Marichi

Bambo akudina mwa apo ndi apo. Dzulo foni inati amandinyadira. Iwo anayang'ana kukhoma.

Lamlungu, 16 Marichi

M'mawa ndimathamanga ndi thireyi, chipumi pachitseko gu! Tiyi yense pansi. Mwachizolowezi ndawapatsa bambo foni. Adina "iwe". Yayambapo, "Iwe mwana wanga wokondedwa, usadandaule..." Ayikankha ndi chigongono, yagwa. Milomo kugwedera, malovu, mitsempha ya m'khosi kutupa. Kenako ndi pakamwa pawopawo, mawu okhota: "Chi-mu-tu."

Dzina limene ankandinena nalo ndili mwana! Ndinkalira nalo tsiku lonse. Silinalembedwe paliponse, ndiye foni ikanalitenga kuti? Amayi angokhala pansi, pa tiyi pomwepo, uku akuseka uku akulira. Ndawapempha bambo kuti anenenso. Anenanso, ndi tsinya lomwe.

Chipumi chatupa ngati dzira. Foni ikadali kunsi kwa mpando, aitola achimwene akabwera. Ine ndikukatereka tiyi wina, akamunyoze okha.